Mphini Zatsopano pa Mitengo Yogwa

Pa zaka zonse zimene Ercília Nhamússua anagwira ntchito ya uloya m'tauni ya Inhambane, anatulutsapo anthu ambiri m'chitokosi. Koma Lolemba limenelo, munthu amene anamupeza atakhala pansi kuseri kwa zitsulo anali mwamuna wake yemwe.

"Dzulo masana munali kuti, a Baltazar?"

"Mitengo ija sindinadule ine."

"Sindinafunse zimenezo. Ndati munali kuti?"

Baltazar anayang'ana zala za kumapazi kwake ngati akuziona koyamba. Anali mmisiri womanga nyumba, munthu wa pakamwa posauma, woti akayamba nthabwala ngakhale amene amusungira chakukhosi amaseka. Tsiku limeneli anangoti duu. Fisi akagwa m'mbuna sayankhula.

Sajeni Jemusse, amene anagwira mlanduwo, anali wochokera ku Tete, ndipo mitengo ya kokonati anaidziwira kuno atakula kale. Anafotokoza mwaulemu, akumuitana Ercília monga amaitanira maloya m'Chipwitikizi, makiyi akulira m'manja mwake.

"Doutora, nkhaniyi ndi yosavuta. Dzulo mudzi wonse wa Chivanene unali kumaliro. Pobwerako apeza mitengo ya kokonati yagwetsedwa mumpanda wa azungu anu aja. Macheka a injini tawapeza pomwepo, ndipo ndi a bambowa. Mwini nyumba, a Trevor, akuti iwo anali panyanja tsiku lonse. Gogo Felismina akulira kuti mitengo yawo yapita. Ine ndikuona kuti bambowa anafuna kusangalatsa adona a pamenepo powachotsera mlandu pakhomo. Akapanda kunena komwe anali, kundende sakuzemba."

Mawu akuti kusangalatsa adona anamulasa Ercília pamtima, koma nkhope yake sinasinthe.

Trevor ndi Glenda Pickering anali anthu ake, mwa aja olankhula Chingerezi amene amabwera ku ofesi yake maso ali psuu. Amagula nyumba m'mbali mwa nyanja, n'kudzamva mochedwa kuti kuno nthaka sigulitsidwa, ndi ya boma, ndipo mtengo wa pakhomo pako ukhoza kukhala wa munthu wina amene agogo ake anaudzala. A Pickering anachokera ku Durban. Mumpanda mwawo munali mitengo ya eni awiri: gogo Felismina Guambe ndi mlamu wawo. Trevor analumbira kuti sangagule mtengo womera pamalo pake, ndipo anakhoma chipata kuti eni mitengo asamalowe kudzathyola. Glenda anachita zanzeru. Mwamuna wake ali ku Durban, anagula mwakachetechete mitengo ya mlamu uja, ndipo Ercília ndiye analemba mapepala ake. Yotsala inali ya gogo Felismina, amene anakanitsitsa kwa mtuwagalu.

Amene anauza Glenda kuti akudziwa mmisiri wabwino womanga khonde anali Ercília yemweyo. Anadzipalira yekha makala a moto. Khondelo silinkatha. Baltazar anayamba kusita malaya popita kukaponda matope, n'kumabwera madzulo akuimba mluzu, atakhuta. Ercília anasiya kupondako ku Chivanene. Ngakhale tsiku lotema mphini zosonyeza mwini pa mitengo yogulidwayo, monga mwa mwambo wa kumeneko, ananamizira mutu. Nsanje inkamudya usana ndi usiku, koma ankaopa kuona ndi maso ake chimene mtima unali utamuuza kale.

"Ndikufunsani komaliza," anatero. "Munali kuti?"

"Mayi a Nélia, chonde. Zisiyeni," anatero Baltazar, akumuitana ndi dzina la mwana wawo.

Ercília ananyamula chikwama chake. Tsopano anali ndi mantha awiri: kuti mwamuna wake anadula mitengoyo, ndiponso kuti sanadule.

* * *

Ercília anawapeza gogo Felismina pansi pa mtengo wa mango, akupala kokonati woti athire m'masamba a chinangwa.

"Wamuona ameneyu? Wogula kumsika! Ine Felismina, mwini mitengo, kugula kokonati ngati mlendo. Khala pansi, mwanangu, usandiimirire ngati wabwera kudzandimanga."

"Agogo, munaona amene anadula?"

"Ndione bwanji ndili kumaliro? Tinkaika Zacarias, msodzi uja, kuseri kwa zitunda za mchenga uko. Mudzi wonse unali komweko. Ngakhale thirakitala ya Armindo, ija imakokera maboti a azungu m'madzi, dzulo inanyamula bokosi, n'kuswera kumanda komweko mpaka dzuwa kupendeka. Msodzi akamaikidwa nyanja imapuma, sukudziwa iwe? Phokoso la macheka tinalimva chapatali, koma aliyense anati ndi anthu opanda ulemu akumanga nyumba."

"Ndiye munadziwa bwanji kuti yagwa ndi yanu?"

"Pobwera ndinayang'ana pamwamba pa mpanda, ndaona kumwamba kwang'ambika, mipata yokhayokha. Chipata chokhoma, galu akuuwa. Nanga angadule ya yani? Wokangana nawo ndine."

"Simunalowe?"

"Ndiuluke?"

Ercília anasendera pafupi. Funso lotsatira silinali la uloya.

"A Baltazar munawaona dzulo?"

Gogoyo analeka kupala. Anamuyang'ana kuchokera kumapazi mpaka kumutu, mwachifundo chimene chinamupweteka Ercília kuposa chipongwe.

"Kumaliro kunalibe. Koma m'mawa, tikupita, galimoto ya mayi wachizungu uja inatidutsa ikulowera kumsewu waukulu. Iyeyo ndiye amayendetsa. Pambali pake panali mutu wa mwamuna. Mwamuna wake ndi wadazi, limawala ngati mbale. Mutu umenewu unali ndi chipewa chobiriwira."

Chipewacho Ercília ndiye anamugulira Baltazar ku Maputo, pa tsiku lokumbukira ukwati wawo.

"Anabwerera nthawi yanji?"

"Zimenezo kafunse msewu. Koma mwanangu, mwamuna womanga khonde amabwera kunyumba akununkha simenti. Wako amanunkha chiyani?"

* * *

Trevor Pickering anali kugombe, pamthunzi wa boti lake, akupukuta ndodo zowedzera. Anali chimunthu chofiira, cha mawu ngati ng'oma, ndipo aliyense, kaya gogo kaya loya, kwa iye anali iwe. Botilo linali pa ngolo yake ya matayala, chinthu cholemera choti amuna ochepa sangachisunthe pamchenga.

"Ercília! Pepa za mwamuna wako. Koma ine ndinadziwa kale kuti munthu ameneyu ndi njoka."

"Dzulo munali kuti, a Pickering?"

"Panyanja, kuyambira m'mawa mpaka madzulo. Ndekha. Ukufuna kuona nsomba? Zili m'firiji, tenga imodzi ukadye."

"Ndani ali ndi kiyi wa mosungira macheka?"

"Mwamuna wakoyo. Komanso mkazi wanga, amene masiku ano amamupatsa kiyi wa chilichonse." Anaseka, koma kuseka kwake kunali kowawa. "Usandiyang'ane choncho. Iwe ndi ine tikudwala nthenda imodzi. Kusiyana kwake n'kwakuti ine ndimanena, iwe umavala jekete n'kumanamizira kuti suona. Umadziwa kuti mwamuna wako amaphunzitsa mkazi wanga kuphika nkhanu? Khonde la masabata angapo latha miyezi, koma nkhanu aphika zamitundumitundu."

Ercília anayang'ana kunyanja. Ankafuna kumutukwana, koma mkati mwake munali kamawu koipa kamene kankati: munthuyu akunena zoona, msiye mwamuna wakoyo alawe ndende.

"Mitengo yagwayo simukuimvera chisoni?" anafunsa.

"Chisoni? Ndikanakhala wopemphera ndikanathokoza. Anthu aja alibe manyazi. Ine ndili ku Durban analowa mumpanda mwanga n'kutematema mitengo, zizindikiro zatsopano zoyera mbuu, kuti aliyense aone kuti ndi yawo. Pamalo panga! Tsopano akatemere zitsa."

Ercília anatchera khutu.

"Mwati zizindikiro zatsopano?"

"Eya. Ukapita ukaziona wekha."

Kandimverere anakanena za m'maluwa. Kwa nthawi yoyamba pa miyezi yambiri, Ercília analunjika kuchipata cha a Pickering.

* * *

Glenda anatsegula yekha. Anali mayi wowonda, wa tsitsi lotuwa lomangidwa kumbuyo, maso otupa ndi kulira. Ercília anamuyang'ana mofufuza, monga amachitira mkazi aliyense pamaso pa mnzake wotere, ndipo chimene chinamukwiyitsa kwambiri n'chakuti sanapeze chokongola chilichonse choposa chake.

"Ercília, ndakhala ndikukuimbirani. Baltazar sanachite izi. Ndikhoza kupita kupolisi kukanena komwe..."

"Musandiuze."

"Koma ndikapanda kunena..."

"Ndati musandiuze, mayi. Ndionetseni mitengo."

Pabwalo panali ngati padutsa mphepo ya mkuntho. Mitengo inagwera uku ndi uku, masamba atayamba kufota, kokonati ali mbwee pamchenga. Zitsa zinali zazitali, zofika m'chiuno, zodulidwa mokhotakhota. Mtengo wina unagwera pakhonde latsopano lija n'kuthyola mitanda yake pakati. Ercília anaima pamenepo. Baltazar anali ndi zofooka zake, koma ankagwetsa mtengo pamene waloza ndi chala, ndipo sakanaphwanya ntchito ya manja ake.

Anayendera mitengo yoimirira. Uliwonse unali ndi mphini zakale, zakuda, zomira m'khungwa moti mlendo sangazione: mizere iwiri yopingasa, chizindikiro cha banja la gogo Felismina. Palibe ndi umodzi womwe wa gogoyo umene unakhudzidwa.

Kenako anagwada pa mtengo wogwa. Unagwa chafufumimba, mphini zili pansi. Anakumba mchenga ndi manja, osasamala za siketi yake ya kukhoti, mpaka zala zake zinakhudza mabala atsopano. Anapukuta, n'kuwerama kuti aone bwino.

Mizere itatu yokumana pansi, ngati phazi la nkhuku.

Anapita pa mtengo wachiwiri. Phazi la nkhuku. Wachitatu, chimodzimodzi.

Chizindikiro chimenecho ankachiona m'mawa uliwonse akamasesa pakhomo pake. Chinali cha banja la a Nhamússua. Baltazar anachitema pa mitengo ya kunyumba kwawo sabata ya ukwati wawo, azakhali ake akululutira, chifukwa ku Chivanene ndi midzi yozungulira mwamuna amatema mphini za kwawo pa mitengo ya mkazi amene wamutenga. Mlendo wogula mitengo amangomutemera mzere umodzi woongoka, basi.

Ercília anadzuka pang'onopang'ono.

"Anatema ndani izi?"

"Baltazar," anatero Glenda motsitsa mawu.

"Anakuuzani tanthauzo lake?"

Ercília ankapemphera kuti mayiyo anene kuti ayi, kuti anangoona ngati zokongoletsa. Azungu salephera kusadziwa zinthu. Koma Glenda anayang'ana pansi.

"Anandiuza."

Kuseri kwa thanki ya madzi kunali mtengo umodzi umene wodulayo sanauone. Unali chiimire, phazi la nkhuku likuwala pathunthu pake. Ercília anauyang'ana nthawi yaitali. M'manja mwake munali kiyi wotsegulira chitokosi, ndipo kiyi yemweyo ndi amene akanamuvula pamaso pa mudzi wonse. Akanatha kungokhala chete, n'kupita kunyumba. Anaganizadi zotero, ndipo ganizolo linamukomera.

Kenako anatulutsa foni n'kuimbira Sajeni Jemusse.

* * *

Dzuwa lisanapendeke onse anali pabwalopo: sajeni, gogo Felismina ndi ndodo yawo, Glenda, ndi Trevor amene anabwera akung'ung'udza. Anthu a m'mudzi anadzaza pachipata, poti nkhani yotere siisowa mboni.

"Agogo," anatero Ercília, "tationetsani mitengo yanu imene yagwa."

Gogoyo anayenda mtengo ndi mtengo, akupapasa makungwa. Anafika kumapeto, n'kubwerera, n'kuyambiranso. Kenako anaponya ndodo pansi n'kuseka mpaka kutsokomola.

"Yanga yonse ili chilili! Iwe mzungu, ndiye wadula ya yani?"

"Ine sindinadule kanthu," anatero Trevor. Koma dazi lake linali litayamba kutuluka thukuta.

"Wodulayo anasankha," anatero Ercília, akuyang'ana sajeni. "Anatsata mphini zatsopano, poganiza kuti ndi za anthu amene akulimbana ndi nyumba ino. Mwana aliyense wa kuno amadziwa kuti mphini zatsopano zimatanthauza kuti mtengo wasintha mwini. Mitengo yagwayi a Glenda anaigula kwa mlamu wa agogowa. Mapepala ndinalemba ndine. Pakhomo pano panali munthu mmodzi yekha amene sankadziwa zimenezi, ndipo lero m'mawa wandiuza ndi pakamwa pake kuti mphini zatsopanozo anatema ndi adani ake."

Trevor anatembenukira mkazi wake. "Unagula? Glenda, unagula mitengo?"

"Unakana kumva, Trevor."

"Ine ndinali panyanja!" anakuwa.

"Boti lanu analikokera m'madzi ndani?" anafunsa Ercília.

"Armindo, ngati masiku onse."

Pachipata panamveka phokoso. Gogo Felismina anawomba m'manja.

"Armindo wake uti? Amene ananyamula Zacarias? Kapena boti lako linakwera nawo bokosi?"

Anthu anaseka. Trevor anayang'ana anthuwo modabwa. Kumaliro sanapiteko, ndipo sanadziwe n'komwe kuti thirakitala inali kumanda. Zaka zonsezi pagombe limeneli, sanafunsepo kuti n'chifukwa chiyani masiku ena nyanja imakhala yopanda bwato.

Sajeni Jemusse anakanda chibwano. Anali munthu wosamala, wosafuna kumasula munthu lero n'kudzamugwiranso mawa.

"Ndamva, Doutora. Koma macheka ndi a amuna anu, ndipo akukanabe kunena komwe anali. Bwanji ngati anadula dala ya adonawa, atakangana nawo pa za malipiro? Chikundiletsa n'chiyani kuganiza choncho?"

Funso limeneli Ercília ankalidikira ngati mmene munthu amadikirira jakisoni. Anaona Glenda akutsegula pakamwa, ndipo anamuletsa ndi dzanja. Ngati mawuwo anayenera kutuluka, anayenera kutuluka mwa iye mwini.

"Bwerani muone, a Sajeni. Ili ndi phazi la nkhuku, chizindikiro cha kwa a Nhamússua. Kuno munthu sagwetsa mtengo wokhala ndi mphini za makolo ake, ngakhale atapenga. Funsani aliyense pachipatapo."

"Nanga chizindikiro cha kwa amuna anu chikutani pa mitengo ya mayi awa?"

Anthu a pachipata anayang'anizana. Amayi ena anagwira pakamwa. Gogo Felismina, amene anali ataona mphinizo kale n'kusunga pakamwa, anayang'ana kumbali.

"Mwamuna amatema chizindikiro chimenechi pa mitengo ya mkazi amene wamutenga," anatero Ercília, mawu ake osagwedera. "Amuna anga anatema okha. Ndiye chifukwa chake sakunena komwe anali."

Trevor anakhala pansi pa chitsa.

"Ndinawaona akutuluka limodzi," anatero, mawu a ng'oma aja ataphwa. "Ndinathyola loko, n'kutenga macheka ake. Ndinati ndithane ndi zonse tsiku limodzi, mitengo ichoke, iyenso achoke." Anayang'ana Ercília ndi maso ofiira. "Iwe ukanangokhala chete. Tonse awiri tikanapuma."

"Ndinaganizapo," anatero Ercília.

* * *

Baltazar anatuluka m'chitokosi madzulo omwewo, chipewa chobiriwira chili m'manja. Anayesa kumwetulira.

"Mayi a Nélia, ndinadziwa kuti simungandisiye. Mwachita bwanji?"

"Mphini zanu ndi zimene zakutulutsani."

Kumwetulira kuja kunazima. Anayenda limodzi mpaka pamphambano ya pafupi ndi msika, pamene minibasi za ku Chivanene zimaima. Msewu wa kumanja unkapita kunyumba kwawo. Ercília anaima, n'kutsegula chikwama chake cha mapepala a kukhoti. Anatulutsamo chikwanje chatsopano, chokulungidwa m'nyuzipepala, chimene anagula pobwera.

"Trevor anaphonya mtengo umodzi, kuseri kwa thanki. Uli chiimire, ndi chizindikiro chanu. Kunyumba kulinso mitengo yanga, ndi chizindikiro chomwecho. Mapanga awiri avumbwitsa, a Baltazar. Tengani ichi. Mukafufute kumodzi, lero lomwe, mwiniwake akuona. Musankhe nokha."

"Mayi a Nélia, tiyeni tikakambirane kunyumba..."

"Takamba kale. Ine ndakamba pamaso pa mudzi wonse."

Baltazar analandira chikwanjecho. Kondakitala wa minibasi ankakuwa kuti Chivanene, Chivanene, malo alipo. Ercília anayang'anitsitsa nkhope ya mwamuna wake. Ankafuna chinthu chimodzi chokha, chaching'ono: kuti athamangire minibasiyo msangamsanga kukafufuta mphini za kwa Glenda, mokwiya, ngati munthu wopita kukazima moto.

Baltazar anayang'ana minibasi. Anayang'ana msewu wa kunyumba. Anatembenuza chikwanje m'manja mwake, n'kuyang'ananso minibasi, osasuntha phazi.

Ercília anali atafunsa mboni zambiri pa moyo wake, ndipo ankadziwa tanthauzo la munthu wochedwa kuyankha funso losavuta. Anamulanda chikwanjecho mofatsa, monga mmene umalandira mpeni kwa mwana.

"Kwerani," anatero. "Mphini za kunyumba ndikafufuta ndekha."